Malovu a Gerishomo pa Khoma la Abiti Mussa

Pa Kachulu, pamene aliyense ankanunkha matemba, Abiti Mussa okha ndiwo ankanunkhira sopo. Anabadwira kwa Mwambo, nakwatiwa ndi msodzi amene sanakhalitse pa dziko. Chimene anawasiyira ndi kanyumba kamodzi ndi makapu oyera khumi ndi awiri ogula kwa amwenye ku Zomba. Boma la Chitaganya litangoyamba, mayiwa anayamba kugulitsa tiyi ndi zitumbuwa. Kapu ankaitsuka katatu. Womwera akakhosomola, kanayi.

Musati tiyi wawo anali wokoma, ayi. Asodzi ankabwerera makapuwo, kuti nawonso amwere moyera ngati makalaliki a pa boma. Ndiye tsiku lomwe nkhuku inalumphira m'lichero la makapu n'kuswa awiri, Abiti sanadye. Anati otsalawo akwere pakhoma, pa shelefu.

Tsono khoma la kunyanja kuno ndi lachinyengo. Mitengo ndi yosowa, choncho m'kati mumakhala bango lomatidwa dothi, nsichi yolimba apa, ina uko, zonse zobisika. Wodziwa kuzipeza anali mmodzi, a Gerishomo, kalipentala wokhoma mabwato, amene m'tsaya mwawo simunkachoka fodya.

Anafika m'mawa, naika khutu pa khoma loyera la Abiti, kumagogoda ndi chala. Go, go, go. Pamene panalira molimba anabwerera pambuyo pang'ono, n'kulavulapo. Malovu abii, onenepa, anayamba ulendo wotsetsereka.

“Bambo, n'chiyani chimenecho?” anafunsa Abiti.

“Nsichi, mayi.”

“Ndikunena chikuyendacho.”

“Ndiye chizindikiro chake. Pensulo ndi ya ana a mishoni, imathyoka. Iyi sinandithyokerepo.”

“M'nyumba mwanga ngakhale malemu amuna anga sankalavulamo.”

“Nanga iwo anakukhomeranipo shelefu?”

Analavula kasanu, napita kudoko kukapala matabwa. Abiti anatsala akuyang'ana mizere isanu ija ikuuma, ntchentche zayamba kale kuitanizana abale. Anatenga chigoba cha nkhono n'kupala, natsuka ndi phulusa, nazira dothi loyera, kenako anasamba mpaka m'zigongono.

A Gerishomo atabwera ndi matabwa anaima, nayang'ana khoma, nayang'ana mwini khoma.

“Mwazisamutsira kuti nsichi zanga?”

“Ndikuzikumbuka. Apa, ndi apa. Khomani, koma pakamwa mutseke.”

Mkuluyo sanatsutse. Anaika msomali pamene panali chala cha Abiti, namenya kamodzi kokha. Msomali unalowa wonse ngati mu phala. Anauzula ndi zala ziwiri, ndipo pabowopo panatuluka mphemvu, inzake pambuyo.

“Makapu anu akhale pamenepa? Ine ndikhoma, mayi. Kutola zidutswa mudzatola nokha.”

Abiti anayang'ana m'lichero. Makapu khumi. Kupanda iwo, tiyi wawo anali madzi otentha basi, ofanana ndi a wina aliyense. Anakoka mpango mpaka pamphuno.

“Chitani zanuzo. Koma ine ndisaone.”

Anakakhala kuseri kwa nyumba. Kuona sanaonedi, koma khoma la bango silisunga chinsinsi. Go, go, go, kenako kaphokoso konyowa kaja. Anawerenga kasanu. Kachisanu ndi chimodzi anaimirira.

“Nsichi zinali zisanu, bambo.”

“Iyi ndi ya pakhosi chabe, mayi.”

Shelefu inakhala. Mphepo ya kunyanja inasasula denga kawiri, iyo osagwedera, ndipo makapu khumi anakalamba pamodzi ndi mwini wake. Koma fodya wa a Gerishomo anali waukali. Abiti ankazira khoma chaka ndi chaka, ndipo mvula ikangoyamba madontho asanu aja ankatulukanso, abii, ngati akudzapereka moni. Anaphunzira kuimika makapu mowabisa, ketulo patsogolo pa dontho lalikulu.

A Gerishomo ankabwera masana alionse kudzamwa tiyi, n'kumaloza shelefu kwa aliyense wolowa. Abiti sanawabweze n'kamodzi komwe. Anangowagulira kapu yawoyawo yachitini, yomwe inkakhala panja, pa msomali wa pamtengo wa mango, ndipo ankaithira tiyi atatalikitsa mkono.