Maluwa a pa raundabauti

Ndinaganiza zochoka ku Pembamoyo patangotha mwezi chiikireni maliro a mkazi wanga Esinati. Sindinafunse nzeru kwa munthu. Ndinapita kwa apongozi, n'kukhala patali ndi khomo, ndipo ndinawauza kuti ndikupita ku Lusaka, Tisa atsale nawo. Tisa ndi mwana wathu, panthawiyo anali wa zaka zitatu.

"Nanga mtedza uli m'munda akumba ndani?" anafunsa ali m'nyumba.

"Akumbe amene akufuna," ndinayankha.

Ku Lusaka msuweni wanga anandipezera ntchito kwa amayi ena obzala maluwa m'maraundabauti ndi pakati pa misewu. Khonsolo inkangopereka malo. Olipira anali eni mashopu, amayi a mpingo wina, ngakhalenso oyendetsa mataksi amene ankasonkherana, ndipo gulu lililonse linkazika chikwangwani pa bedi lake la maluwa. Ine ndinkatipula, kuthira manyowa ndi kuthirira, magalimoto akundizungulira tsiku lonse. Loweruka akwati ankabwera kudzajambulitsa. Ankandipempha kuti ndisunthe, ndingaoneke pachithunzi. Ndinkasuntha.

Wolipira akasintha, maluwa ankasinthanso. Tsiku lina tinazula bedi lonse la maluwa ofiira atangomasula kumene, chifukwa shopu yatsopano inkafuna achikasu. Mnzanga Mwansa anaima atagwira khasu.

"Iwe sizikukuwawa? Si ndiwe unawalera awa?"

"Ayi," ndinatero. Sindinkanama. Mpaka lero ndikakumbuka sindimva kanthu.

Mwezi ukatha ndinkatumiza kangachepe pa foni ya alamu anga a Yohane, achimwene a malemu. Ndikaimba ankamupatsa Tisa foniyo, ine n'kumangomva kupuma kwake. Patapita nthawi ndinaleka kupempha kuti alankhule. M'kachipinda kanga ku komboni ndinkadya choimirira, n'kugona.

Chaka cha chilala madzi anavuta mumzinda. Olipira anayamba kusiya mmodzimmodzi, zikwangwani zikuzulidwa. Amayi a mpingo aja ndiwo analimbikira, ankabwera ndi madzi m'zigubu atavala zitenje zofanana, koma nawonso anatopa. Abwana anatiitana n'kutiuza kuti ntchito yatha. Ndinali nditakhalako zaka zisanu ndi chimodzi.

Ndinakwera basi ya ku Chipata, kenako minibasi mpaka pa boma, kotsalako ndinayenda pansi. M'njira ndinkayembekeza kuti andikalipira. Mwina ndinkafuna kuti atero.

Palibe anandikalipira. Nyumba yathu inali itagwa, pamalopo a Yohane anamangapo nkhokwe. Anandiyalira mphasa pansi pa mtengo wa mango. Kamtsikana katali kanabwera ndi madzi m'kapu, kanagwada, kanandipatsa ndi manja awiri.

"Tisa, awa ndi atate ako," anatero a Yohane.

"Ndikudziwa," anayankha mwaulemu. Kenako anatembenukira kwa amalume ake. "Alendo agona kuti?"

Ndinagona m'nyumba ya anyamata. M'mawa ndinamva makasu akugundana panja, anthu akukonzekera kupita kumunda. Ndinatuluka kuti nditenge langa. Aliyense anali ndi lake paphewa, ngakhale Tisa, ndipo lotsala panalibe.

"Pumulani, alamu," anatero a Yohane. "Mwachokera kutali."

Ananyamuka motsogozana, akukambirana za mbewu. Ine ndinakhala pakhonde ndi nkhuku mpaka dzuwa linafika pamutu.