Namwino Lufina ndi Buku Lobwereka

Pachipatala chathu chaching'ono m'chigwa cha Bwanje panali namwino dzina lake Lufina. Anali wamfupi, wa mawu ochepa, ndipo sankakhulupirira pepala asanamuone bwino mwini wake. Anthu ankang'ung'udza kuti amafunsa ngati wapolisi.

Kuno buku lakuchipatala timabwerekana ngati chikwakwa. Lako likanyowa kumunda kapena likadyedwa ndi chiswe, umatenga la mbale wako, palibe amene amati walakwa.

Chaka china mpunga utacha, kunabwera Thokozile, mtsikana woyembekezera, masiku ake atayandikira. Anamuperekeza apongozi ake. Buku limene anapereka linkati anabereka kale katatu popanda vuto, ndipo wotereyo amachirira pompano.

Lufina anawerenga, nayang'ana nkhope yanthete ya mtsikanayo, nawerenganso.

"Mwana wanu woyamba ali ndi zaka zingati?"

Thokozile anacheukira apongozi ake.

"Zisanu ndi zitatu," anayankha apongoziwo.

"Amayi, ndafunsa mwini mimba. Kapena inunso muli nayo?"

"Iii, anamwino, pano ndi pakhoti kodi? Zonse zalembedwa m'menemo!"

Lufina anawatulutsa mwaulemu natseka chitseko. Atamasula chitenje cha mtsikanayo anapeza chipsera chachitali m'munsi mwa mchombo. M'buku monse munalibe mawu a opaleshoni.

"Mwana wanga, bukuli ndi la yani?"

Misozi inatsika m'masaya mwa Thokozile. Bukulo linali la mkulu wake. Lake analibisa apongozi kudenga, chifukwa munalembedwa kuti mwana woyamba anabadwa ndi mpeni, ndipo wachiwiriyu akabadwire kuchipatala chachikulu kuboma. Apongoziwo ankaopa kuti akapita kukamudikirira kutaliko, mbalame zimaliza mpunga.

Lufina anawaitananso. "Amayi, bala lakaleli likhoza kung'ambika m'kati. Kuno tilibe dokotala wosoka, tilibe magazi. Likang'ambika mutaya awiri."

"Nanga mpunga?"

"Mpunga mudzabzala wina. Mtengwa uyu mudzam'bzala kuti?"

Ambulansi inafika dzuwa litapendeka, ndipo apongozi anakwera naye chonyinyirika. Kuboma madokotala anapeza chiberekero chitapyapyala ngati khoko la anyezi, koma chisanang'ambike. Thokozile anabwerako wamoyo, khanda lili kumsana.

Mbalame zinadyadi mbali yaikulu ya munda uja, ndipo apongoziwo sanam'patse moni Lufina mpaka mvula inagwa.