Denga la Galimoto ya Ameya

"Kodi denga limeneli linanyowapo ndi mvula?"

Anafunsa anali a Mlembi atsopano a khonsolo ya mzinda, ataima pakhomo la galaja, nsapato zawo zikuzemba madzi a sopo amene ankayenderera pasimenti. A Thovu anali pamwamba pa benchi, burashi ili m'manja. Pa zaka zonse zimene anasamala denga la nsalu la galimoto ya Ameya anafunsidwapo zambiri: sopo watha bwanji, chikununkha n'chiyani, ndani anakhala pampando wakumbuyo. Koma funso ili anali asanalimvepo, ndipo yankho lake linali loti ayi.

Galimotoyo inali yakale, yaitali, yakuda bii, ya denga lopindika. Inkatuluka kamodzi pachaka, tsiku lotsegulira chionetsero cha zamalonda, Ameya ataimirira kumbuyo, unyolo waulemu uli pachifuwa, akukweza dzanja kwa anthu. Pa tsikulo denga linkapindidwa kuseri kwa mpando, pakuti palibe munthu amabwera kudzaombera m'manja nsalu. Chionetserocho chinkachitika m'chilimwe, kumwamba kuli mbee. Masiku ena onse galimoto inkagona m'galaja ya malata osadontha.

A Thovu sanabadwire ntchito imeneyi. Anayamba ngati dobi, akuchapa makatani ndi nsalu za pathebulo za m'nyumba ya khonsolo. Galimotoyo itagulidwa panabuka mkangano: amakaniko anati denga ndi nsalu, choncho si lawo, ochapa anati nsaluyo ili ndi matayala, choncho si yawo. Khonsolo inakhala pansi, inamwa tiyi, n'kugamula kuti pakhale udindo wapadera, wosagwa uku kapena uko. Anasankha dobi wamng'ono pa onse chifukwa iye yekha ndiye sanapezeke pamsonkhano kuti akane. Dzina lake la ubatizo linatsala m'mafayilo. Anzake anamutcha Thovu, ndipo pamene imvi zinayamba kumera anamuwonjezera ulemu, n'kukhala a Thovu.

Ntchitoyo anaikonda mopitirira muyezo. Ankayamba ndi kusesa fumbi ndi burashi youma, yofewa ngati ya mwana wakhanda. Kenaka ankanyowetsa nsalu yonse ndi paipi yotsegula pang'ono, chifukwa madzi amphamvu amaphwasula misoko. Sopo wake anali wosalusa, ndipo ankatsuka motsata ulusi, osati mozungulira ngati akukwecha poto. Chitosi cha mbalame, ngati njiwa yazemba n'kulowa m'galaja, ankachinyowetsa kaye n'kuchinyengerera mpaka chichoke chokha. Akatsukuluza ankadikira kuti nsalu iume gwa, pakuti denga lopindidwa lili ndi chinyontho limachita nguwi. Ikauma, ankaphimba magalasi ndi penti ndi manyuzipepala akale, n'kupopera mankhwala oletsa madzi kulowa, pang'onopang'ono, kuyambira pakati kutsikira m'mbali. Akauma oyambawo, ankapoperanso.

"Bwana," anatero potsiriza, akutsika pabenchi, "mvula yeniyeni ayi. Koma taonani."

Anatsegula paipi. Madzi anagwera pansalu n'kubalalika ngati mikanda yoduka ulusi, osasiya ngakhale banga.

"Amenewo ndi madzi a khonsolo," anatero a Mlembi. "Ine ndafunsa za mvula. Ndiye kuti bambo, moyo wanu wonse mwakhala mukutchinjiriza Ameya ku mvula imene siinabwere, ndi denga limene silitsekedwa?"

A Thovu anatseka paipi.

"Chionetsero cha chaka chino chikangotha, udindo wanu utha. Mupita kotsuka magalimoto otaya zinyalala. Kumeneko ndiye madzi amagwira ntchito."

Adalaivala a Ameya, amene ankamvetsera ali chigonere pampando wakutsogolo, anadikira kuti nsapato za a Mlembi zimveke patali.

"Pepani achimwene. Koma musadandaule, magalimoto a zinyalala alibe denga. Mupumako."

"Iwe ukuseka? Galimoto imene umayendetsa kamodzi pachaka?"

"Ine ndiye imayendadi kamodziko. Inu mvula yanu ili kuti?"

Kunyumba nkhaniyo sinalandiridwe ndi misozi imene a Thovu ankayembekeza. Akazi awo anali pakati potsitsa mabeseni pamwamba pa kabati, chifukwa mitambo inali itayamba kusonkhana, ndipo nyumba yawo inkadontha pamalo odziwika bwino: pamutu pa bedi, pakhomo la kuchipinda, ndi pamwamba penipeni pa wailesi.

"Abambo ake, musandiseketse," anatero mayiwo. "Denga lofuna dokotala lili pano. Inu mumakapaka mafuta denga logona m'nyumba ya malata. Anthu akandifunsa kuti amuna anu amagwira ntchito yanji, ine ndimangoti ali ku khonsolo, basi, n'kusintha nkhani."

"Itangogwa tsiku limenelo," anatero a Thovu, maso ali kudenga. "Kamodzi kokha. Aone."

"Walira mvula walira matope. Gwirani beseni ili."

Pempherolo silinali la misala kwenikweni. Chaka chimenecho komiti yosankha tsiku la chionetsero inalephera kugwirizana za tsiku loti ikumane, ndipo chionetsero chinakankhidwa, n'kukankhidwanso, mpaka chinagwera m'dzinja. A Thovu anaona dzanja la Mulungu pamenepa. Anatsuka dengalo ngati mkwatibwi. Anapopera mankhwala, anapoperanso, ndipo pofuna kuti pasapezeke ndi kadontho komwe kowachititsa manyazi, anachita chimene anali asanachitepo: anapopera ndi kunsi komwe, mkati mwa nsalu, mpaka m'misoko ndi m'makwinya onse. Dengalo likanaponyedwa mumtsinje likanayandama.

Tsikulo linacha ndi mitambo yakuda ngati galimoto yomweyo. Mdipiti unanyamuka pa nyumba ya khonsolo: oimba malipenga patsogolo, galimoto ya Ameya pakati, a Mlembi akuyenda pambali pake ndi ambulera yotseka, ndipo kumbuyo kwenikweni, monga mwa mwambo wa zaka zonse, a Thovu ndi kansanza kawo kopukutira fumbi. Ameya anali ataimirira, mkanjo wofiira uli paphewa, chipewa cha nthenga chili kumutu, akumwetulira mbali zonse.

Asanafike pamphambano ya kumsika, dontho loyamba linagwera pamphuno pa a Thovu. Kenaka kumwamba kunang'ambika.

Apa panaoneka kuti malamulo a khonsolo, ngakhale anali ochuluka, anali asanaganizirepo za mvula. Adalaivala sakanadina batani la denga popanda lamulo la a Mlembi. A Mlembi sakanalamula popanda kumva chifuniro cha Ameya. Ameya sakanaonetsa kuti akuopa madzi pamene ovota anali ataima pamvula yomweyo akuwaombera m'manja. Choncho galimoto inapitiriza kukwawa, Ameya akumwetulira ndi mano okha, nthenga za chipewa zitagona ngati nkhuku yodwala. A Mlembi anatsegula ambulera yawo, anaona kuti si bwino kuti iwo aume bwana akunyowa, anaitsekanso, kenaka anaitsegula theka.

A Thovu ankayenda kumbuyo akulira mumtima. Mvula ija anaidikira moyo wawo wonse inali ikugwa, yamadontho akuluakulu, yosachita kunyengerera, ndipo denga lawo linali chipindikire kuseri kwa mpando ngati mlendo wosaitanidwa kuphwando. Anapirira mpaka pa positi ofesi. Anapirira mpaka pa sitolo ya nsapato. Pamene anaona kuti chipata cha bwalo la chionetsero chayandikira, ndipo kuseri kwake kuli shedi ya malata, chinthu china chinaduka m'kati mwawo. Munthu amene anali asanakwezepo mawu pamaso pa bwana aliyense anakuwa, mawu ake n'kuposa malipenga:

"Kwezani denga! Inu, kwezani denga!"

A Mlembi anacheuka. Ataona kuti papezeka munthu woti mlandu udzamugwere, nkhope yawo inamasuka, ndipo anagwedezera mutu Adalaivala. Galimoto inaima. Ameya, moyamikira, anakhala pansi kuti denga lidutse. Adalaivala anadina batani.

Chimene palibe anachiganizira, ngakhale a Thovu amene, n'chakuti nsalu yokana madzi mbali zonse ziwiri, ikapindidwa, imasanduka ndowa. Mvula yonse imene inagwa kuchokera kumsika mpaka pachipata inali itasungidwa m'makwinya mwake, osatayikapo ndi dontho limodzi. Denga linadzuka pang'onopang'ono, mwaulemu, likulira ngati chitseko chakale. Linafika pamwamba pa mutu wa Ameya. Makwinya anatambasuka.

Khuthu!

Chipewa chinapita. Mapepala a zokayankhula anayandama n'kugwera pamsewu. Madzi analowa pakhosi la mkanjo n'kukatulukira m'miyendo ya thalauza. Woimba lipenga lalikulu anameza mpweya wake, lipengalo n'kulira ngati ng'ombe yoponderezedwa, ndipo kenaka msewu wonse unangoti zii. Mayi wina wogulitsa maambulera anagwira pakamwa. Wapolisi amene anali atachita sailuti anaiwala kutsitsa dzanja.

Denga linamaliza ulendo wake n'kudzitseka bwinobwino kutsogolo, kwapa. Ameya anatsala mkati, atakhala m'chithaphwi chofika m'akakolo, maso ali tong'o.

A Thovu anaima pamvula. Ankadziwa kuti atha. Ankadziwa kuti ngakhale magalimoto a zinyalala tsopano anali maloto. Koma maso awo anakana kuchoka padengapo. Mvula inkamenya nsalu ija ndi ukali wake wonse, ndipo madontho ankadumpha, kugubuduka, kuthamangira m'mbali ngati ana otuluka m'kalasi. Nsaluyo inali youma ngati siinamve kuti kunja kukugwa kanthu. Chinthu chokongola chotere anali asanachionepo, ndipo anachita mantha pozindikira kuti pakati pa tsoka lonselo, iwo akumwetulira.

Adalaivala anatsitsa galasi pang'ono.

"Achimwene," ananong'ona, "muno simukudontha ngakhale pang'ono. Koma thawani."

Sanathawe. Komiti yofufuza inakhazikitsidwa, ndipo mosiyana ndi makomiti ena, iyi inakumanadi, chifukwa Ameya anali ndi chimfine ndipo ankayetsemula pafoni tsiku lililonse. A Thovu anaitanidwa m'chipinda cha thebulo lalitali, chimene makatani ake anawachapapo ali mnyamata. Anavala jekete la ukwati wawo. Akazi awo anawatsanzika ngati opita kundende.

A Mlembi anaimirira n'kufotokoza zimene komiti inapeza. Choyamba, mvula inalibe mlandu, pakuti siili pansi pa khonsolo. Chachiwiri, a Mlembi analibe mlandu, pakuti sanayankhule kanthu, ndipo kugwedeza mutu si lamulo. Chachitatu, mlandu wonse unali wa denga, limene linapezeka ndi vuto losunga madzi.

"Choncho," anatero a Mlembi, "komiti yagamula kuti dengali libooledwe."

A Thovu anagwira m'mphepete mwa thebulo.

"Bwana... libooledwe?"

"Mabowo m'makwinya monse, kuti madzi azidutsa. Ndipo popeza mabowo amatsekeka ndi fumbi, ndiponso nsalu yobooka imasosoka ikapanda kusamalidwa, komiti yaona kuti pakufunika munthu wodziwa. Udindo wanu sukutha, bambo. Wakula. Kuyambira lero muzisamala denga ndi mabowo ake omwe."

Mamembala anaomba m'manja. Wina anawagwira chanza a Thovu n'kuwauza kuti ali ndi mwayi.

"Nanga mankhwala oletsa madzi aja?" anafunsa a Thovu ndi mawu a munthu wochokera kumaliro.

"Muzipoperabe. Ali kale mu bajeti."

A Thovu anaboola mabowowo okha, ndi kachitsulo koboolera malamba, pakuti sakanalola mmakaniko kukhudza nsalu yawo. Bowo loyamba linawatengera m'mawa wonse. Adalaivala, amene sankasowa chonena, tsiku limenelo anatuluka panja n'kukaima moyang'ana khoma. Bowo lililonse a Thovu analisokerera m'mbali ndi ulusi wakuda kuti lisasosoke, mwaluso loti alendo ena ankayesa kuti galimotoyo inabwera choncho kuchokera kufakitale.

Madzulo a tsikulo mvula inagwanso. A Thovu anakhala pampando, chakudya chikuzizira patsogolo pawo, akumvetsera madontho akugwera m'mabeseni: lina pamutu pa bedi, lina pakhomo la kuchipinda, lina pamwamba pa wailesi. Akazi awo anawasunthira mbale pafupi.

"Ndiye ntchito mwaipulumutsa," anatero.

"Ndaipulumutsa."

"Ndipo denga la Ameya tsopano likudontha."

"Likudontha. Mwalamulo."

Mayiwo anasuntha beseni ndi phazi kuti lilunjike bwino pansi pa dontho.

"Basi, abambo ake, idyani. Anthu akandifunsa tsopano ndiziwauza kuti nyumba yathu ili ndi denga ngati la Ameya."