Matayala Opanda Chubu a Tcheyamani

Pa ntchito yanga yoyamba ananditengera zinthu ziwiri: pampu ya malemu bambo anga ndi khutu langa lakumanzere. Pampuyo ikugwirabe ntchito pa boma la Chitipa, ndimaiona ndikamadutsa. Khutulo linasiya kumva.

Sukulu ndinasiyira Fomu 1, bambo atamwalira, fizi itasowa. Chimene anasiya chooneka ngati chuma chinali pampu yoponda ndi phazi, yachitsulo cholemera, imene anabwera nayo kuchokera ku migodi ya ku Zambia. Ndinaisenza wapansi kuchokera kwathu ku Chisenga kuti ndikaigulitse ku boma. Woyamba kuigwira anali a Silungwe, mkulu amene ankamata matayala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa msika. Anaiponda, n'kutchera khutu ku mpweya wake.

"Ndalama nilije, mwana wane," anatero, kunena kuti ndalama analibe. "Koma khala pano, iwe ndi pampu yako. Uphunzira ntchito."

Ndinazindikira mochedwa kuti yolembedwa ntchito inali pampu. Ine ndinali woiperekeza.

Ntchito ndinaphunziradi. Zida zathu zinali jeke, sipanala ya mawilo, nyundo, beseni la madzi ndi zitsulo zokanulira tayala zosulidwa kuchokera ku masipuling'i a lole. Tayala likabwera, umatulutsa mpweya wonse, n'kulimenya m'mphepete kuti lisiyane ndi limu, chitsulo chimene tayala limavala. Umakanula, kusolola chubu, kuipopa pang'ono, kuimiza m'beseni, ndipo thovu limakuonetsa bowo. Umapala pamalopo, kupaka guluu, kudikira kuti aume pang'ono, kenako chigamba. Usanabwezere chubu umayendetsa dzanja m'kati mwa tayala kufuna msomali kapena munga umene unaboola. Ukaiwala zimenezo, mwini galimoto amabwerera usanamalize kusamba m'manja. Matayala onse amene tinkagwira, a malole, a mapikiapu ndi a njinga, anali a chubu, aatali m'mbali, okhuthala, opangidwira miyala ndi mabampu a misewu yathu. Phula kunalibe boma lonse.

Panali munthu wina wamagolosale amenenso anali wapampando wa chipani kudera kwathu. Dzina lake sitinkalitchula, tinkangoti a Tcheyamani. Anagula kagalimoto kofiira, kakafupi, ndipo atapita kumalire a Tanzania anabwerako ndi matayala anayi atsopano. Sindinama, nditawaona ndinawasirira. Anali otambalala, aafupi m'mbali, mphira wake wofewa, mizere yake yosaya yokhotakhota, ndi zilembo zoyera zozungulira.

"Awa ndi a liwiro," anatero a Tcheyamani akuwasisita. "Safuna chubu. Chubu ndi za anthu otsalira. Mukuti bwanji a Silungwe?"

"Yewo bwana, mwasankha! Maso muli nawo."

Atangochoka, a Silungwe analavula. "Amenewa ndi a mumsewu wa phula, ku Blantyre uko. Mwala umodzi wa ku Chisenga ung'amba m'mbalimo ngati nsalu, ndipo m'mbali simumatika."

Ndinawafunsa chifukwa chake sanawauze. Anandiyang'ana ngati ndatukwana m'tchalitchi. "Iwe, munthu wachipani amauzidwa kuti walakwitsa? Ukufuna ndikagone kuti?"

Ndiye mwaona. Ankadziwa. Chimene chimandipweteka kwambiri n'chimenecho.

Galimotoyo anaibweretsa m'mawa wa tsiku limene kunali msonkhano wa chipani ku Wenya. Lole ya amayi okavina inali itaima kale pamsika, ikudikira kuti a Tcheyamani atsogole. Tinakweza jeke, kuchotsa matayala akale, kuvalika atsopano. Vuto linayambira pamenepo. Tayala lopanda chubu limasunga mpweya pokhapokha milomo yake iwiri ikakanirira ku limu mbali zonse, ndipo kuti ikanirire pamafunika mpweya wambiri wolowa nthawi imodzi, wa makina. Ife tinali ndi phazi langa. Ndinkaponda, mpweya n'kumatulukira m'mbali, fuu, fuu, ngati ndikukupiza moto.

A Silungwe anapaka sopo m'milomo ya tayala, n'kuzunguliza chingwe pakati pake, n'kuchipota ndi mtengo kuti milomoyo itambasuke. Matayala awiri anagwira motero, malaya anga atanyowa ngati ndagwa mumtsinje. Lachitatu linakana. Chubu ya saizi imeneyo tinalibe, ndipo ngakhale tikanakhala nayo, mwiniwake sakanalola.

"Amayi akupsa ndi dzuwa pa lole chifukwa cha inu," anatero a Tcheyamani akuyang'ana wotchi. "Kapena pano pali anthu osafuna kuti msonkhano uchitike?"

Mawu amenewo masiku amenewo sanali funso. A Silungwe anafulumira kuyankha. Anati anaonapo madalaivala a malole a ku Tanzania akuthira petulo pang'ono m'tayala n'kuyatsa, moto n'kukankhira milomo ku limu kamodzi n'kamodzi. Anaonapo. Sanachitepo. Anapopa petulo m'galimotomo ndi kapaipi, n'kuthira m'tayala. Anandiuza kuti ndigwade, ndipanikize tayala ndi bondo, ndigwire paipi ya pampu pa valavu kuti likangogwira tipope msanga. Iwo anamangirira kansanza kunsonga kwa bango lalitali, n'kuyatsa.

Koyamba linangoti bu, osagwira.

"Mukuumira petulo ngati ndi wanu? Onjezerani!" anakalipa a Tcheyamani.

A Silungwe anaonjezera, osayeza. Ndinaona a Silungwe akubwerera m'mbuyo, dzanja litatambasuka mpaka pothera bango. A Tcheyamani anali atabisala kale kuseri kwa mtengo wa mango. Palibe amene anati, "Mnyamata, choka." Ine ndinali chigwadire, mutu nditapendekera kumanzere kuti ndione valavu.

Kuphulikako sindinakumve bwino. Ndinangopezeka chagada m'fumbi, nsidze zitapserera, m'khutu mukutuluka magazi ofunda, anthu akuyasamula pakamwa popanda mawu. Tayala linali litang'ambika mlomo, mawaya ali panja. Khutu lakumanja litayamba kutseguka, mawu oyamba amene ndinamva sanali pepani.

"Tayala langa! Mukudziwa kumene ndinalitenga? Mnyamata ameneyu ndi wa kuti? Khadi la chipani ali nalo?"

Khadi langa linali la chaka chatha. A Silungwe ankadziwa, chifukwa ndinali nditawapempha kangapo kuti andithandize kugula latsopano.

"Ndi mwana wopupuluma, bwana," anatero a Silungwe. "Ndinamuuza kuti athire pang'ono."

Botolo la petulo sindinaligwire n'komwe. Anthu onse amene anaunjikana pamenepo anaona. Anayang'ana pansi, ena n'kumachoka. Amayi ena ogulitsa nthochi ndiwo anang'amba kansalu n'kunditseka kukhutu, akunong'ona kuti, "Pole, mwana wane, khala chete." Ndinakhaladi chete. Wopanda khadi akatsutsana ndi wapampando pa tsiku la msonkhano, nkhani yake sithera pansi pa mango.

Anagwirizana pomwepo, ine ndikadali pansi. A Silungwe adzalipira tayala pang'onopang'ono, ine ndichoke, pampu itsale ngati chikole cha zimene ndawononga. Anabwezera matayala awiri akale kutsogolo, galimoto n'kunyamuka. Kuchipatala ndinapita ndekha. Anandiuza kuti m'kati mwa khutu munang'ambika kwambiri, ndingozolowera.

Matayala a liwiro aja sanaone mvula. Limodzi linang'ambika m'mbali pa miyala ya ku Chisenga, monga ananenera a Silungwe, ndipo a Tcheyamani anabwerera ku matayala a chubu osauza munthu. Ena akandiuza zimenezi amayembekeza kuti ndiseka. Ndiseke chiyani? Iwo anataya mphira.

Pano ndimamata njinga pa mphambano ya kwathu ndi pampu yamanja yobwereka. Wagalimoto akaima n'kundifunsa za matayala, ndimamuuza mosapsatira, kaya wavala baji pachifuwa kaya ayi: yang'anani msewu umene mumayenda tsiku ndi tsiku, osati zilembo zoyera, ndipo musagule tayala limene munthu wa pansi pa mtengo sangathe kulikonza ndi zida zimene ali nazo. Anyamata ofuna ntchito ndimawauza china: bwana akagwira moto n'kubwerera m'mbuyo, usafunse, nawe bwerera.

Ndinapitako kamodzi pansi pa mango paja kukaitanitsa pampu. A Silungwe anali ataipaka penti yobiriwira, mnyamata wina akuiponda. A Silungwewo analankhula ataima kumanzere kwanga, ndiye ndinawauza kuti azungulire mbali inayo abwereze. Anati tayala lija sanamalize kulipira.

Za tayala n'zawo ndi a Tcheyamani. Zanga zimene ali nazo ndi izi: pampu imodzi ndi khutu limodzi. Khutulo sangabweze. Pampuyo ndikuifuna.