Chingelezi Chothyokathyoka cha Dewi

Ndikukumbukira kuti ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene amayi, omwe anali namwino, anadzanditenga ku Blantyre kuti ndizikakhala nawo kutsidya kwa nyanja, ku Woolwich. Miyezi yoyambayo sindinalire, sindinasekenso. Ndinkangodzuka, kuvala jekete lolemera, kukwera basi, n'kubwerera kunyumba.

Kusukulu anandiika m'kachipinda ka ana ongophunzira kumene Chingelezi. Ine Chingelezicho ndinkachidziwa, koma cha papepala. Kusukulu yathu yakale, wolakwitsa polankhula ankamuveka katoni m'khosi tsiku lonse anzake akumuseka, ndiye ndinazolowera kukonza kaye chiganizo chonse m'mutu ndisanatsegule pakamwa. Pomwe ndinkamaliza kukonzako, nkhani inali itadutsa kale.

Pambali panga pankakhala Dewi, mtsikana wa ku Indonesia. Chingelezi chake chinali chothyokathyoka, koma ankachilankhula kwa aliyense, kaya ndi aphunzitsi, woyendetsa basi, ngakhale mayi wogawa chakudya. Chamumtima ndinkamunyoza.

Kumapeto kwa teremu kunali mayeso olankhula. Wokhoza ankapita kukaphunzira ndi ana ena m'kalasi yaikulu, ndipo kutuluka m'kachipindako ndi chinthu chokhacho chimene ndinkachifunabe. Aphunzitsi anandionetsa chithunzi cha msika kuti ndifotokoze zimene ndikuona. Ndinaweramitsa mutu mwaulemu, n'kuyamba kusanja mawu. Anadikira, anadikira, kenako analemba kanthu papepala. Itafika nthawi ya Dewi, analankhula osapuma mpaka aphunzitsi anachita kumuletsa. Iye anakhoza, ine ndinatsala.

Sindinamve kuwawa. Mtima unali ngati mwendo wochita dzanzi.

Tikudikira basi ndinamufunsa kuti, "Kodi iwe suchita manyazi ukamalakwitsa?"

"Amayi anga amadwala impso," anatero. "Kwa dokotala amawalankhulira ndine. Ndikati ndidikire kuti ndiyambe ndakhoza, iwo azingomva ululu."

Kunyumba amayi anamva nkhaniyi akuvala yunifolomu. "Iwe, English unkakhala nambala wani, nanga apa chavuta n'chiyani?" Atatero anathamangira kuntchito.

Ndinakhala m'kachipinda kaja teremu ina yathunthu. Lero ndikudziwa kuti Dewi sankandiposa nzeru. Iye ankalankhula chifukwa panali munthu amene ankadikira mawu ake. Ine ndinkangodzitchinjiriza kuti asandiseke, m'dziko limene panalibe ndi mmodzi yemwe wondiyang'ana.