Khanda la ku Esiteti

Mwana wanga woyamba anakhala masiku asanu okha, sanatuluke n'komwe m'chikuta. Anakamuika azimayi okhaokha, ine ndili m'nyumba. Amuna anga anali ku Halale, ndipo sanamuone.

Mkaka unkangotuluka. Nsalu inkanyowa, ntchentche n'kumanditsata. Sindinkalira. Akandiuza kuti ndidye, ndinkadya. Akandiuza kuti ndikasambe, ndinkapita.

Patatha sabata anabwera akatekisiti a m'mudzi mwathu. Anakhala pakhonde n'kumalankhula ndi amayi ngati ine palibe.

"Ku esiteti ya fodya, cha kwa Nsaru uko, kwamwalira mayi wina wa ku Mulanje. Wasiya khanda. Asisitere akulimwetsa mkaka wa mbuzi, koma likungotsegula m'mimba. Kodi mwana wanuyu sangalilere?"

Amayi anandiyang'ana. Ine ndinati, "Kaya." Iwo anamva ngati ndavomera.

Tinayamba tapita kwa atsibweni, poti mbumba inali m'manja mwawo. Anafunsa chimodzi chokha: "Nanga khandalo likadwala n'kutisiya, abale ake sadzatinena ife?" Akatekisiti anati a ku mishoni adzatiimira. Atsibweni anati pitani.

M'mawa mwake tinayenda wapansi mpaka ku mishoni ya Nambuma. Ndinkaganiza kuti angondipatsa mwanayo, koma ayi, anati ndiyambe ndayesedwa. Sisitere wina wachizungu ananditsegula zikope, kenako anandiuza kuti nditsokomole. Anandivula, anafufuza mawanga a khate kumsana. Anati nditsinzine, n'kumandikhudza ndi thonje.

"Mukumva?"

"Ndikumva."

Anandifinya bere, mkaka n'kugwera pa supuni. Anauyang'ana pawindo, anagwedeza mutu kuti uli bwino.

Kenako anandilowetsa kwa abambo mfumu. Anandifunsa ngati ukwati wanga unali wa m'tchalitchi, ngati amuna anga anali ndi mkazi wina, ngati ndidzamuveke mwanayo zithumwa. Ndinayankha monga ankafunira. Anati ndizibwera naye mwezi ndi mwezi kuti azimuona, ndipo bambo wake akadzamufuna, ndisadzakane.

"Mwamvetsa, eti?"

"Inde."

Ndinadinda chala papepala. Apo m'pamene anati ndayenera.

Bambo wa mwanayo anali panja, munthu wamng'ono thupi, manja akuda bii ndi utomoni wa fodya. Atandiona anagwada, chinthu chimene mwamuna anali asanandichitirepo.

"Mayi, wanuyo anali wamwamuna?"

"Wamkazi."

"Uyu ndi wamwamuna," anatero, ngati akupepesa.

Asisitere anandipatsira mwanayo atamukulunga m'kansalu koyera. Anali wopepuka, khosi lonse makwinya. Anagwira bere mwamphamvu moti ndinamva kuwawa mpaka kumsana. Asisitere anasangalala, amayi anapukuta misozi. Ine ndinkayang'ana khoma pamene laimu anasupuka. Chimene ndinamva n'chakuti chifuwa chayamba kupepuka, basi.

Mwanayo anachira. Mwezi uliwonse ndinkamubereka kupita naye ku Nambuma, asisitere n'kumanditama kuti ndine mayi wabwino. Ndinkamusambitsa, ndinkamudzoza mafuta a nsatsi, sanagonepo ndi njala. Ankanditcha amayi, ine n'kumayankha.

Ali ndi zaka zitatu, bambo wake anabwera kudzamutenga atakwatira mkazi wina, akubwerera kwawo. Ndinamumangira mwanayo mbatata zootcha m'kansalu. Ndinawaperekeza mpaka pa mtsinje. Mwanayo analira kwambiri. Pobwerera ndinadzera kudimba, chifukwa tsiku limenelo mpiru unali usanathiriridwe.