Makina a kuwala a ku Joni

Nditasiya kusamba ndinkayesa ndapuma. Za kutentha thupi ndinkazidziwa, poti amayi anga ankadzikupiza ndi chivundikiro cha poto ngakhale mu Juni, ndipo pano pa Mangochi thukuta si nkhani. Koma palibe anandiuzapo kuti kumusi kumauma. Pokodza pankatentha. Pa kabaza, pochokera kumsika kumene ndimagulitsa zitenje, ndinkakhalira mbali imodzi. Za kuchipinda zinasanduka ululu weniweni, ngati mchenga walowa m'diso.

Amuna anga amagula usipa m'madoko a ku Malindi ndi ku Lungwena n'kukagulitsa ku Limbe. Ndi munthu wosalankhulalankhula. Ndinayamba kuwafulatira, lero mutu, mawa msana, mpaka zifukwa zinanditha ndipo ndinkangofulatira basi. Iwo sanafunse, inenso sindinanene. Takhala limodzi mpaka kuona zidzukulu, koma zinthu zimenezi sitinazitchulepo ndi pakamwa. Zimangochitika.

Pa sadaka ya malemu apongozi, tikutsuka mbale, mlongo wa amuna anga anandiuza ngati akunena za mtengo wa tomato kuti ku Namwera kuli mayi wina wamasiye, wakhalidwe, ndipo achimwene awo aakulu ayamba kuyendera nkhaniyo. Chisilamu chathu chimalola mitala, zimenezo ndinkazidziwa. Komabe ndinachita mantha, ndiponso ndinakwiya. Nyumba ija tinaumba njerwa zake awiri.

Ndinapita kwa anakanga, mayi wachikulire amene anatilanga kumsondo komanso tsiku limene ndinkalowa m'banja. Ndinawauza monga timanenera tonse, kuti abambo sakukondwa nane. Sanafunse zambiri. Dandaulo limenelo kwathu lili ndi mankhwala amodzi okha, oumitsa. Kuyambira utsikana timauzidwa kuti mkazi wamadzi amachititsa manyazi, mwamuna amafuna pouma. Anandipatsa ufa wa makungwa wosakaniza ndi kamwala koyera kosinja, womanga m'kapepala.

Ine ndine munthu wa mafunso, anzanga kumsika amatopa nane.

"Nanga ngati pauma kale?" ndinafunsa.

Anaseka mpaka kutsokomola. "Kuuma sikuchuluka, mwanawe. Atsikana amabwera kuno kudzalirira zomwezo."

Ufawo ndinakauika. Sabata isanathe ndinkayenda ngati mnyamata wongochoka ku jando.

Masiku omwewo mkazi wa mlongo wanga wamng'ono anabwera kuchokera ku Joni, kumene amagwira ntchito ya m'nyumba. Anandipeza pa benchi yanga kumsika, anandiyang'ana mmene ndinadzukira, ndipo anadikira kasitomala achoke.

"Alamu, mukuyenda bwanji chonchi?"

Mwina chifukwa amakhala kutali, iyeyo ndinamuuza zonse. Sanadabwe. Anati abwana ake aakazi, mayi wa msinkhu wanga, anali ndi vuto lomweli ndipo amapita kwa dokotala amene ali ndi makina a kuwala, amati leza. Amalowetsa kachitsulo kunjira ya abambo, kuwala kuja n'kumabayabaya khungu pang'onopang'ono, ndiye likamapola akuti limakhuthala n'kuyambanso kunyowa.

Ndinaiwala ululu, ndinaiwalanso za ku Namwera. Kuwala kungabaye munthu bwanji? Ndi kwa mtundu wanji, kofiira ngati kwa tochi za ana zija? Kumapsereza? Magetsi akathima chili m'kati zimatha bwanji? Nanga amene anayamba kuganiza zoti awalitse kumeneko anali mwamuna kapena mkazi? Mlamu wanga anaseka mpaka kugwira mzati wa benchi. Anati iye amangowadikira abwanawo panja atanyamula chikwama. Kenako anandionetsa pa foni kakanema kojambula, kachitsulo kakuzungulira pang'onopang'ono n'kumasiya timadontho m'mizere ngati mapando a chimanga. Ndinakaonera kambirimbiri mpaka batire inatha.

Chimene chinandigwira mtima kwenikweni si makinawo. Kunali kudziwa kuti kwinakwake anthu ophunzira anakhala pansi n'kupanga chitsulo chodula chothetsa kuuma kumene ife timakufuna ndi makungwa. Ndiye kuti vutoli si langa ndekha, ndipo lili ndi dzina.

Safunsa anadya phula. Lolemba ndinatseka benchi n'kupita kuchipatala, kumene amaona amayi. Anamwino anali mtsikana woti ndikhoza kumubereka, koma ndinalimba mtima.

"Ndabwera kudzafunsa za makina a leza."

Anasiya kulemba. "Mwamva kuti zimenezo, amayi?"

Ndinawafotokozera. Anati iwo makinawo sanawaonepo, amangowawerenga, ndipo kuno kulibe. Anatinso ngakhale kumene aliko, madokotala sanagwirizane ngati amathandizadi kuposa mankhwala opaka, ndipo ena amapsa nawo. Ndinakhumudwa, ndisaname. Ndinali nditawakonda makina aja ndisanawaone.

Atandiyeza anafunsa chimene ndakhala ndikuika. Nditawauza anangopuma mozama, zikuoneka kuti sindinali woyamba. Anati mkazi akasiya kusamba khungu la kumeneko limapyapyala n'kuuma, ndipo ufa uja unandichekacheka. Anandiuza kuti ndiutaye, ndisiye kutsuka m'kati ndi sopo, ndidikire zilonda zipole. Anandilembera mafuta ofewetsa ogula ku famase, ndi kirimu woti adokotala akandiona kaye asanandipatse.

"Abambo akudziwa?"

"Zimenezi amauza mwamuna?"

"Nanga mafutawa mukawabisa kuti?"

Funso limenelo ndinayenda nalo mpaka kunyumba. Kwathu nkhani ya m'banja ikavuta imapita kwa ankhoswe. Ndinayesa kuganiza amalume anga atakhala pampando, kofia kumutu, ine ndikufotokoza za kuuma, ndipo ndinaseka ndekha mumsewu. Panalibe wina wondinenera.

Amuna anga ndinawapeza masana kuseri kwa nyumba akusoka matumba a usipa, poti mawa lake unali ulendo wa ku Limbe. Ndinakhala pa mtondo wogoneka. Ndinayambira kutali, ku Joni, kwa mayi uja ndi makina ake, kachitsulo kozungulira ndi timadontho. Ankamvetsera singano ili m'manja, mwina akuyesa ndikufuna kuyamba bizinesi ina.

"Ndiye makina amenewa ndi a matenda anji?" anafunsa.

"A matenda amene ndili nawo ine."

Ndinanena zonse, maso ali pa matumba. Za kutentha, za kabaza, za ufa wa anakanga, za anamwino. Mawu ena ndinawatchula koyamba m'moyo wanga pamaso pa mwamuna, ndipo m'kamwa munauma gwa. Nditamaliza anasiya kusoka.

"Nthawi yonseyi mumamva kuwawa?"

"Eya."

"Ine ndimayesa ndikukununkhirani... ndikununkha m'kamwa." Anazengereza, kenako anakweza mlomo ndi chala. Kumbali kunali mpata wa mano awiri. "Limodzi linali lobowoka. Linalo linali labwino, koma ndinati angochotsa onse, mwina fungo likuchokera pamenepo."

Anazula nthawi ya Ramadhani yapita, ku Limbe, ndipo anabwera tsaya litatupa. Ine sindinaone. Munthu amene ndimafunsa ngakhale za magetsi a ku Joni, sindinaone kuti mwamuna wanga alibe mano awiri. Ndinafuna kuseka, koma misozi ndiyo inatsogola.

"Nanga za ku Namwera?" ndinafunsa.

Anabaya singano m'thumba n'kukoka chingwe mpaka kumapeto.

"Ndinawauza achimwene kuti kunyumba sakundifunanso," anatero. "Ndikawauza kuti ndinalakwitsa. Pepala la mafutalo lili kuti? Ku Limbe mafamase ndi ambiri."